Mpando wa Kwathu: Kuwerenga Zotsatira za Chisankho cha Aphungu

Amene anaponyapo voti pasukulu ya kumudzi akudziwa mmene tsikulo limathera. Mzere wa anthu ukatha, aphunzitsi amene bungwe loyendetsa chisankho la MEC lawalemba ntchito ya masiku ochepa amakankhira madesiki kukhoma, n'kulumikiza matebulo awiri pakati pa kalasi. Bokosi amayamba alionetsa kwa onse kuti zomatira zake sizinadulidwe, kenako amalikhuthula. Mamonitala, anthu amene zipani ndi opikisana awatuma kudzayang'anira, amaima mozungulira, aliyense kope m'manja. Pepala lililonse amalitambasula, kulikweza m'mwamba, kutchula dzina la amene wachongedwa, n'kuliika pamulu wake. Mdima ukagwa amayatsa nyali. Panja anthu sanabalalike: akhala pamizu ya mitengo, chala chodetsedwa ndi inki, wina wailesi pakhutu, wina akusuzumira pawindo kuti aone mulu umene ukukula.

Kuyambira mu 2014 timavota patatu tsiku limodzi: mtsogoleri wa dziko, phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi khansala. Mawailesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amatanganidwa ndi bokosi loyambalo. Koma mukakhala pamsika wa Edingeni, ku Embangweni kapena pa Jenda m'mawa mwake, mukamva wina akufunsa mnzake m'Chitumbuka kuti "Wawina ni njani?", kawirikawiri akufunsa za phungu. Mtsogoleri wa dziko amamuonera pakalendala. Phungu amamudziwa kwawo, mfunda wake, ngakhale maliro amene anabwerako ndi amene sanabwereko.

Chodabwitsa n'chakuti dzina la wopambana kwathu tikangolimva, timatseka wailesi. Zotsatira za madera ena onse timazisiya ngati za eni. Chonsecho mndandanda wonse wa mipando ndi umene umanena zomwe boma latsopano lingathe kuchita ndi zomwe silingathe.

Mipando 229

Nyumba ya Malamulo ya dziko lino ili ku Lilongwe, m'nyumba imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsegulidwa mu 2010. Kale aphungu ankakumana ku Zomba. Mpando uliwonse m'nyumbamo uli ndi dera lake, ndipo dera lililonse limatumiza munthu mmodzi. Pachisankho cha 1994 madera analipo 177. Mu 1999 anafika 193, ndipo anakhala choncho zaka zoposa 20. Pachisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 tinavota m'madera 229.

Amene amadula malire a maderawa ndi a MEC. Malamulo amati madera azikhala ndi ovota ofananako kuchuluka, koma aziganiziranso kuthithikana kwa anthu, kayendedwe, mapiri ndi mitsinje, komanso malire a maboma. Malire atakhala nthawi yaitali osaunikidwa, zinthu zinapendekeka. Dera la Likoma linali ndi ovota osafika 10,000 pomwe dera la pakati pa mzinda wa Lilongwe linali ndi oposa 100,000, koma aliyense phungu mmodzi. Ndi chifukwa chake anaonjezera madera.

Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, osawerengera mzinda wa Mzuzu. Pa nthawi ya madera 193, bomali linali ndi madera 11, la Mzuzu kukhala la 12. Ena anali ndi maina a malo, monga Hora, Solola ndi Luwerezi, ena a mbali chabe: kummwera, kummwera chakummawa, kummwera chakumadzulo. Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, anali m'dera lomalizali.

Wofuna mpando ayenera kukhala nzika ya zaka zosachepera 21, wolembetsa m'kaundula wa ovota, komanso wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutsatira zokambirana. Mfundo yomalizayi imatsekera panja anthu ambiri anzeru. Alipo madoda ku Edingeni amene amaweruza milandu ya malo yovuta kuposa zambiri zokambidwa ku Lilongwe, koma pakhomo la nyumbayo sangadutse.

Wotsogola watenga

Mtsogoleri wa dziko, kuchokera pa chigamulo cha khoti cha 2020, ayenera kupeza mavoti oposa theka. Phungu ayi. Iye angofunika kuposa mnzake womutsatira, ngakhale ndi voti imodzi. Njira imeneyi tinaitenga kwa Angerezi, ndipo m'mutu uno tiitchula kuti "wotsogola watenga".

Tiyerekeze dera limene anthu 20,000 avota, opikisana alipo 8. Woyamba wapeza 5,200, wachiwiri 4,900, wachitatu 3,600, otsalawo agawana zotsala. Wa 5,200 uja ndiye phungu. Adzalumbira, adzalandira malipiro, adzalankhula m'dzina la dera lonse, pamene anthu 14,800 sanamufune. Palibe chinyengo apa. Ndi mmene lamulo lilili. Nchifukwa chake powerenga zotsatira musangoyang'ana dzina la pamwamba. Onani kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri, muwerengenso kuti opikisana analipo angati. Phungu wopambana ndi mavoti 300 pakati pa anthu 8 amakhala pampando wa miyendo itatu, ndipo iye mwini amadziwa.

Njira yomweyi imachita zachilendo ndi zipani. Mu 1994 Chakufwa Chihana anapeza mavoti pafupifupi 19 pa 100 alionse pampando wa mtsogoleri wa dziko, ndipo chipani chake cha AFORD chinatenga mipando 36 mwa 177. Mu 2019 Saulos Chilima anapeza pafupifupi 20 pa 100 alionse, mavoti oposa 1 miliyoni, koma chipani chake cha UTM chinatenga mipando 4 yokha mwa 193. Kusiyana kuli poti otsatira Chihana anaunjikana dera limodzi, kumpoto, ndipo anavotera mtsogoleri ndi phungu a chipani chimodzi. Otsatira Chilima anamwazikana m'mizinda ndi m'maboma ambiri, ndipo ambiri atachonga iye papepala loyamba, papepala lachiwiri anachonga munthu wa chipani china kapena woyima payekha. Chimanga chomwazika m'munda monse sichidzaza nkhokwe ngati sichinatutidwe.

Abale athu a ku Mzimba amene ali ku Joni amaona njira ina. Ku South Africa munthu amavotera makamaka chipani, ndipo mipando 400 ya nyumba yawo amaigawa molingana ndi mavoti a chipani chilichonse m'dziko lonse. Mu 2024 chipani cha ANC chinapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse, n'kulandira mipando 159. Voti siitayika kumeneko. Koma kulibenso munthu amene mungamuloze kuti "uyu tinamutuma ndife a mudzi uno". Njira iliyonse ili ndi pomwe imadontha.

Ulendo wa pepala la zotsatira

Tibwerere m'kalasi muja. Pakati pa milu pamakhala kamulu kena kapadera, ka mavoti owonongeka. Gogo wina wadinda chala pamzere wolekanitsa maina awiri, inki n'kulowerera mbali zonse. Monitala wa uyu akuti yapendekera kwa munthu wake, wa uyo akuti ayi. Woyang'anira malo ovotera amaliyang'ana pafupi ndi nyali n'kugamula. Wina wachonga awiri, wina waponya pepala losachonga konse. Kamulu kameneka musamakapeputse. Pali madera amene mavoti owonongeka amachuluka kuposa kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri.

Akatha kuwerenga amalemba manambala papepala la zotsatira. Woyang'anira amasaina, mamonitala amasaina n'kulandira lawo, ndipo lina amalimata poonekera pamalo pomwepo. Kuchoka apo pepalalo limapita kumalo ophatikizira mavoti a dera lonse, kenako kuboma, n'kukathera kulikulu lophatikizira la dziko lonse. Mu 2019 likululi linali ku holo ya COMESA ku Blantyre, mu 2025 linali ku BICC ku Lilongwe. Zimene mawailesi amaulutsa usiku uja n'zosatsimikizika. Zotsimikizika amalengeza ndi a MEC okha, ndipo lamulo limawapatsa masiku 8 pa za mtsogoleri wa dziko, 14 pa za aphungu ndi 21 pa za makhansala.

Kufunika kwa pepala limeneli tinakuona mu 2019. Mapepala ambiri anafika kulikulu atafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena ali osasainidwa bwino. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anafafaniza zotsatira za mtsogoleri wa dziko, ndipo tinavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho, Lazarus Chakwera n'kupambana. Aphungu sanakhudzidwe ndi chigamulocho, chifukwa mlandu unali wa bokosi limodzi lokha. Wogonja pampando wa phungu amene akuona kuti wamubera amapita yekha kukhoti lalikulu ndi umboni wake, ndipo m'madera angapo, monga ku Mangochi ndi ku Nsanje, makhoti analamula kuti chisankho chibwerezedwe. Umboni wake ndi pepala lomwe lija monitala anasaina pansi pa nyali. Wopikisana amene sanatume monitala, kapena anatuma koma osamupatsa ya chakudya mpaka anachoka kusanathe, amakafika kukhoti manjamanja.

Mzimba wakhala akunena chiyani

Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinali chosavuta kuwerenga. UDF ya Bakili Muluzi inatenga mipando 85, makamaka kummwera. MCP ya Kamuzu Banda inatenga 56, makamaka pakati. AFORD inasesa mipando yonse 33 ya kumpoto n'kuonjezera itatu ya m'chigawo cha pakati. Nthawi imeneyo ku Mzimba mpikisano weniweni unali pa chisankho cha chipulula, chimene chipani chimasankhira woyimira wake. Wopambana pamenepo anali atalowa kale m'nyumba.

Mu 1999 AFORD inatsika kufika pa 29. Kenako kunabwera nkhani ya kuchotsa malire a nthawi yolamulira mtsogoleri wa dziko, kuti Muluzi apitirize. Chihana anaivomereza, ndipo amene anaibweretsa m'nyumba mu Julayi 2002 anali phungu wa AFORD, Khwauli Msiska. Anthu a kumpoto sanaiwale. Mu 2004 chipanicho chinatsala ndi mipando 6, mu 2009 umodzi, mu 2014 umodzi, mu 2019 umodzi, wa Yeremiah Chihana kumpoto kwa Mzimba. M'zaka 15 nyumba ya zipinda 36 inasanduka gowelo.

Chichokereni nthawi imeneyo, Mzimba alibe mwini. Mu 2009 anthu anakhamukira kwa Bingu wa Mutharika ndi DPP, imene inatenga mipando yoposa 110 m'dziko lonse, mbali ina chifukwa cha makuponi a feteleza wotsika mtengo ndi chimanga chimene chinadzaza nkhokwe. Mu 2014 ambiri anatsata PP ya Joyce Banda. Chaka chimenecho Goodall Gondwe, katswiri wa zachuma wodziwika mpaka kunja, anagonja kumpoto kwa Mzimba kwa Agnes Nyalonje. Komabe Peter Mutharika anamusankha kukhala nduna ya zachuma, chifukwa kuno kwathu nduna siichita kukhala phungu.

Mbiri ya dera la Edingeni imaonetsa bwino kayendedwe kameneka. Khumbo Kachali, amene anaimira dera la kummwera chakumadzulo kwa Mzimba zaka zambiri, anakhalapo mu UDF, analowa DPP, anachotsedwamo limodzi ndi Joyce Banda kumapeto kwa 2010, nakhala mmodzi mwa oyambitsa PP. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, Kachali anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mpaka 2014. Zovala za chipani zinasintha kawiri, ovota n'kumamutsata munthuyo. Koma mu 2019, ali ndi chipani chakechake cha Freedom Party, anagwa. Amene angawerenge zotsatira za dera limeneli poyang'ana maina a zipani okha adzasokera. Funso la pamsika limakhala lina: msewu wa Jenda kudzera ku Embangweni kufika ku Edingeni wafika pati, mlatho uja anaumanga, ambulansi ikuyenda?

Apa pali mkangano umene suthera. M'malamulo, ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza ndondomeko ya chuma cha boma, kulondoloza mmene nduna zikugwirira ntchito, ndi kukanena za anthu ake. Kumudzi ntchito yake ndi bokosi la maliro, fizi ya mwana wa ku sekondale, malata a tchalitchi ndi galimoto yonyamula wodwala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sindingamunyoze mlimi wa ku Mqocha amene akuyeza phungu ndi mjigo umene akuuona m'malo mwa lamulo limene sanalimvepo. Koma thumba la munthu mmodzi silingakwanire maliro a dera lonse kwa zaka zisanu. Zotsatira zake n'zakuti pachisankho chilichonse aphungu oposa theka sabwereranso. Atsopano amafika, amatha zaka ziwiri akuphunzira kayendetsedwe ka nyumba, chaka chachitatu ayamba kale kuda nkhawa ndi kampeni.

Oyima paokha

Mu 1994 panalibe woyima payekha amene anapambana. Mu 1999 anapambana 4. Mu 2014 anafika 52, kuposa chipani china chilichonse. Mu 2019 DPP inapeza 62, MCP 55, oyima paokha 55, UDF 10, PP 5, UTM 4 ndi AFORD umodzi. Mu 2025 oyima paokha anachulukanso kuposa aphungu a MCP.

Mlendo akaona manambala amenewa angaganize kuti Amalawi atopa ndi zipani. Mwina pang'ono. Koma ambiri mwa oyima paokhawa ndi ana a zipani zomwezo amene anagonja, kapena kugonjetsedwa mwachinyengo, pa chisankho cha chipulula. Pa chipulula chambiri anthu amaima kumbuyo kwa amene akumufuna, masana, aliyense akuona. Kumakhala kubweretsa anthu pa malole, kusintha malo usiku, kapena akuluakulu a chipani kungolengeza dzina la wokondedwa wawo. Wokhumudwayo amapita ku MEC, kulipira ndalama yolembetsera, kusankha chizindikiro chake, n'kuuza anthu kuti, "Kumwamba chongani mtsogoleri wathu yemwe uja, koma pa phungu chongani ine." Kuchuluka kwa oyima paokha m'boma kumakuuzani mmene chipulula chinayendera m'bomalo.

Akapambana sakhala okha nthawi yaitali. Pasanathe milungu ingapo amayamba kulengeza kuti "agwira ntchito ndi boma kuti chitukuko chifike kwawo". Choncho zotsatira za aphungu zimabwera kawiri: zoyamba za MEC, zachiwiri za tsiku limene aphungu akhala pansi m'nyumba, ena mbali ya boma, ena yotsutsa.

Manambala awiri oti muwasunge

M'nyumba ya mipando 229, kuposa theka ndi 115. Magawo awiri a magawo atatu ndi 153. Nambala yoyamba ndi yodutsitsira malamulo wamba ndi ndondomeko ya chuma aphungu onse akakhalapo. Yachiwiri ndi yosinthira malamulo aakulu a dziko. Mukamva zotsatira, tengani pensulo muone kuti chipani cha mtsogoleri wa dziko chatsala ndi mipando ingati kuti chifike pa manambalawa. Mu 2025 Peter Mutharika anapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, ndipo DPP inapeza mipando yambiri kuposa zipani zonse, koma payokha sinafike pa 115. Apa m'pamene oyima paokha amakwera mtengo.

Kuyesa koyamba kwa mphamvu kumakhala posankha Sipikala. Mu Juni 2019, DPP ili m'boma, aphungu anasankha Catherine Gotani Hara wa MCP, phungu wa kumpoto chakummawa kwa Mzimba, kukhala Sipikala, mayi woyamba pa udindowu m'mbiri ya dziko lino. Tsiku limenelo aliyense anaona kuti boma lilibe manambala.

Amene akukayika kuti mpando umodzi uli ndi ntchito akumbukire za Julayi 2002 zija. Bilu yochotsa malire a nthawi yolamulira inafunika magawo awiri a magawo atatu, ndipo inaperewera mavoti atatu okha. Anthu a m'madera atatu akadasankha mosiyana mu 1999, mbiri yathu ikadakhota.

Palinso gawo 65 la malamulo aakulu, limene limati phungu wosankhidwa pa tikiti ya chipani akachisiya mwa kufuna kwake n'kulowa china cha m'nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Mu Febuluwale 2005 Bingu anatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP, chipani chimene sichinapikisane nawo mu 2004. Aphungu ambiri anamutsatira. Otsutsa anati sakambirana ndondomeko ya chuma mpaka Sipikala Louis Chimango atachotsa olumpha mpandawo, ndipo mu 2007 ndi 2008 dziko linakhala miyezi lilibe bajeti yovomerezeka. Mapeto ake olumphawo anamaliza nthawi yawo ali pamipando. Gawo 65 ndi galu amene amauwa kwambiri, koma oluma nawo ndi owerengeka.

Nyumba yachiwiri imene sinakhale

M'manyuzipepala mumawerenga za "nyumba yaing'ono" ndi "nyumba yaikulu" za maiko ena, kapena za chisankho cha nyumba ya malamulo ya chigawo. Dziko la United States lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi boma lake ndi aphungu ake, ndipo zonse kupatula Nebraska zili ndi nyumba ziwiri. Nyumba yaing'ono, ngakhale dzina lake likutero, ndi imene imakhala ndi aphungu ambiri a madera ang'onoang'ono, pafupi ndi anthu. Inayo imaunikanso zimene yoyambayo yadutsitsa. Ku India chigawo chilichonse chimasankha nyumba yake yotchedwa Vidhan Sabha, ndipo chipani chimene chatenga mipando yambiri ndicho chimapanga boma la chigawocho. Ku South Africa zigawo zonse 9 zili ndi nyumba zawo.

Ife tili ndi imodzi yokha, koma sizinakonzedwe choncho. Malamulo aakulu a 1994 anaika nyumba yachiwiri, Seneti, ya anthu 80. Boma lililonse mwa maboma 24 a nthawiyo likadatumiza munthu mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo ndi mfumu imodzi yosankhidwa ndi mafumu anzake, ndipo 32 otsalawo akadachokera m'magulu monga a amayi, aulumali, alimi, amalonda ndi azipembedzo. Mfumu ya ku Mzimba ikadakhala ndi voti pa malamulo a dziko. Seneti sinakumanepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo mu 2001 aphungu anaifafaniza ponena kuti ingadye ndalama zambiri. Mu 1995 anali atachotsa kale gawo 64, limene linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane. Zonse ziwiri zinali zoyang'anira aphungu, ndipo ozichotsa anali aphungu omwewo. Ine ndimaona kuti pamenepa anadziweruzira okha mlandu.

Nkhani ya nyumba za m'zigawo imabukabuka, ndipo kawirikawiri imachokera ku Mzimba konkuno. Mu 2014 Harry Mkandawire, phungu wa kumadzulo kwa Mzimba, anali patsogolo pa ofuna ulamuliro wa m'zigawo, umene ambiri amangouti fedulo. Mu 2019 Yeremiah Chihana anaibweretsa m'nyumba. Oufuna amati chuma chimathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre pamene misewu ya kumpoto ili fumbi. Osaufuna amaopa kugawa dziko laling'ono kale, ndipo achikulire amakumbukira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, ngakhale chija chinali chinthu china. Mpaka lero pansi pa Nyumba ya Malamulo pali makhonsolo basi, monga khonsolo ya M'mbelwa. Tanthauzo lake kwa wovota wa ku Edingeni n'lakuti pa malamulo a dziko ali ndi munthu mmodzi, womusankha kamodzi pa zaka zisanu, wopanda womuunika pamwamba, wosabwezeka pakati.

Amene saoneka pamndandanda

Pamwamba pa pepala la zotsatira pamakhala manambala awiri amene ambiri amawadumpha: olembetsa ndi ovota. Kummwera kwa Mzimba manambalawa ali ndi nkhani yake. Yendani m'midzi ya ku Edingeni, Manyamula ndi Embangweni muwerenge nyumba za njerwa zowotcha ndi malata amakono. Zambiri anamanga ndi ndalama za ku Joni, ndipo eni ake ali ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town. Dziko lino silinakonze zoti nzika zake zivotere kunja. Wofuna kuvota ayenera kubwera kudzalembetsa ndi chiphaso chake cha unzika, n'kubweranso tsiku lovota. Ndi ochepa angakwere basi ulendo wa masiku awiri kapena atatu kawiri konse chifukwa cha voti. Choncho pamzere uja mumaona amayi ambiri, agogo ndi achinyamata amene sananyamukebe. Amene amatumiza ndalama zambiri m'deralo amatsata zotsatira pa WhatsApp.

Amayi ochuluka pamzerewo sachuluka pamndandanda wa opambana. Mu 2014 aphungu achizimayi analipo 32 mwa 193. Mu 2019 anaposa 40, komabe osafika gawo limodzi la magawo anayi. Kampeni imadya ndalama: mafuta a galimoto, zitenje, chakudya cha mamonitala pamalo aliwonse ovotera. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma aliyense amene anakhalapo pamsonkhano wa kampeni akudziwa zimene zimachitika gule akatha. Mayi wopanda thumba lalikulu amagwa pa chipulula, dzina lake lisanafike n'komwe papepala lovotera.

Chisankho china chachikulu chikuyembekezeka mu Sepitembala 2030. Mukadzavota, musadzathamangire kunyumba kukadikira wailesi. M'mawa mwake dzapiteni pasukulu pomwe munavotera, mukapeze pepala lomatidwa lija, mukopere m'kope mwanu manambala onse: olembetsa, ovota, owonongeka, ndi a wopikisana aliyense. A MEC akadzalengeza, mudzafananize.